Laputopu ikukana kugona mutangoika update? Musathamangire kufomata

Kunja kunali ng'amba ya Novembala, ija ya kuno ku Salima yoti ngakhale ukhale pansi pa mtengo wa mango thukuta silileka, pamene aphunzitsi ena achizimayi ochokera cha ku Senga Bay anatsika pa kabaza pakhomo pa kashopu kanga. Titangopatsana moni anatsegula zipi ya chikwama n'kundiuza kuti, "Achimwene, tagwirani apa." Ndinaika dzanja kunsi kwa laputopu yawo n'kulichotsa msanga. Inali itatentha ngati chiwaya chongophula kumene pa mbaula, fani ikulira chapansipansi, chonsecho chivindikiro chinali chotseka chichokereni kunyumba. Titaitsegula, batire imene anaitchaja usiku wonse inali itatsala pang'ono kutheratu.

"Zayamba liti zimenezi, aphunzitsi?"

"Sabata yatha. Inalemba zoti ndisaizimitse, ikuika zinazake, kenako inadzizima n'kudziyatsa yokha kangapo. Chiyambire tsiku limenelo sigonanso. Mnyamata wina wandiuza kuti ndi vairasi, tingofomata. Koma muli malikisi a ana a teremu yonse m'menemu."

Sitinafomate, kapena kuti kufufuta zonse za m'kompyuta n'kuikanso Windows, ndipo munalibe vairasi. Vutoli ndimakumana nalo kawirikawiri, ndipo chimene chimandiwawa n'choti anthu amataya mafayilo, ndalama ndi bandulo pa nthenda yoti kompyutayo ikanawauza yokha gwero lake akanaifunsa. Windows imasunga dzina la chilichonse chimene chikuiletsa kugona, imasunganso dzina la chimene chaidzutsa. Kufomata kumafufuta umboni umenewu, ndiye update yomwe ija ikabweranso mwezi wamawa mumabwerera pamene munali.

Kugona kwa kompyuta kuli ngati kugona kwa pabanja: mwana mmodzi akamalira, nyumba yonse ili maso. Windows isanagone imauza chiwalo chilichonse, sikirini, zokuzira mawu, khadi ya Wi-Fi, madoko a USB, kuti chiike ntchito pansi. Imalankhula nazo kudzera m'timapulogalamu totchedwa driver. Update ikabwera, makamaka zikuluzikulu za pachaka zija zokhala ndi mayina ngati 23H2 kapena 24H2, nthawi zina imasintha ma driver ena kapena kubweza zosankha zanu mmene zinalili poyamba. Zing'onozing'ono zimatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, n'chifukwa chake madandaulo ambiri amandipeza chapakati pa mwezi.

Yambani mwadziwa kuti ikudwala chiyani

Anthu onse amafika ndi mawu amodzi, "sikugona", koma matenda ake ndi atatu. Pali laputopu yoti mukaisiya patebulo siigona yokha, sikirini imangoyakabe. Pali yoti imagona, koma pakangopita kamphindi kapena pakati pa usiku imadzuka popanda woigwira. Ndiye pali yoopsa ija, yooneka ngati yagona, sikirini yakuda, koma m'kati ikugwira ntchito n'kumatentha m'chikwama.

Kuti musiyanitse, zulani zonse zolumikiza: mausi, flashi, dongo ya intaneti, printa, ndi foni imene mumaitchajira pa laputopu magetsi akazima. Dinani Start, Power, kenako Sleep. Ikani khutu pafupi ndi fani, yang'anani kanyali ka pambali, dikirani mphindi zisanu. Ikagona bwinobwino zonse zitazulidwa, wolakwa ali pa zimene mwazulazo. Zibwezeni chimodzichimodzi mpaka vuto libwerere.

Musanapite patali, dinani Restart. Ndikunena Restart, osati Shut down, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kuyambira pa Windows 8, imene inatuluka mu 2012, muli chinthu chotchedwa Fast Startup. Chikakhala choyatsa, Shut down sizimitsa zonse ayi. Imasunga mtima wa Windows pamodzi ndi ma driver pa disiki kuti mawa iyake msanga. Ndiye ngati driver ina inasokonekera dzulo, lero imadzuka ili chisokonekere. Restart ndi imene imayambitsa zonse mwatsopano, komanso ndi imene imamalizitsa update yoima pakati. Munthu amandiuza kuti "ndimaizimitsa tsiku lililonse", koma tikayang'ana mu Task Manager, pa Performance, CPU, pamene palembedwa Up time, timapeza kuti yakhala masiku ambirimbiri osayambanso mwatsopano.

Mukafuna kuzimitsiratu Fast Startup, lowani mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, dinani Change settings that are currently unavailable, n'kuchotsa chizindikiro pa Turn on fast startup. Pa laputopu ya SSD, disiki yamakono yosazungulira ija, simudzaona n'komwe kusiyana kwa liwiro poyatsa.

Muli pa tsamba lomwelo, yang'anani mzere wa When I close the lid. Pali mbali ziwiri, On battery ndi Plugged in, ndipo zonse zikhale pa Sleep kapena Hibernate. Amene mumagwiritsa ntchito pulojekita pa misonkhano kapena ku tchalitchi, mwina wina anaika Do nothing kuti chithunzi chisazime akatseka chivindikiro, n'kuiwala kubweza. Onaninso nthawi yogonera mu Settings, System, Power & sleep pa Windows 10, kapena Power & battery pa Windows 11. Mukapeza Never, ikani mphindi 10 kapena 15.

Ifunseni yokha

Apa ndiye pagona nkhani. Dinani Start, lembani cmd, dinani Command Prompt ndi batani lakumanja, sankhani Run as administrator, vomerani Yes. Musaope sikirini yakudayo; malamulo ofunsira amene ali m'munsimu amangowerenga, safufuta kanthu. Lembani:

powercfg /requests

Mudzaona timitu ngati DISPLAY, SYSTEM, AWAYMODE ndi EXECUTION. Pa kompyuta yabwinobwino imene sikuchita kanthu, pansi pa kamutu kalikonse pamalembedwa None. Pamene palembedwa dzina, ameneyo ndi amene wakweza dzanja kuti "ndikadali pa ntchito, tisagone".

Mayina amene ndimawapezapeza ndi awa. Mukaona chrome.exe, msedge.exe kapena firefox.exe, pali tsamba lina limene likuseweretsa kanema kapena mawu, kapena likudawuniloda. Nthawi zina ndi tsamba la mpira lija munalisiya dzulo kuseri kwa masamba ena. Mukaona mawu akuti An audio stream is currently in use, pali pulogalamu imene yagwira zokuzira mawu kapena maikolofoni osazisiya, kawirikawiri yoimbira foni kapena yochitira misonkhano ya pa intaneti. Itsekeni yonse, kuphatikizapo kachizindikiro kake kobisala pafupi ndi wotchi. Mukaona srvnet, kompyuta ina ya pa netiweki ya mu ofesi ikutenga mafayilo kwa inu. Mukaona Legacy Kernel Caller, ganizirani chipangizo cha USB kapena driver yakale, ndipo bwererani ku kuzula kuja.

Koma dzina lomwe limatuluka kwambiri update itangochitika ndi MoUsoCoreWorker.exe. Ameneyu si vairasi, ndi wantchito wa Windows Update yemwe. Akaoneka ndiye kuti ntchito yake sinathe. Kwathu kuno chifukwa chake n'chodziwika: bandulo inathera panjira, kapena netiweki inaduka, kapena magetsi anazima update ili pakati. Windows imakhala ikuyeserayeserabe. Mankhwala ake si kumuthamangitsa koma kumulola amalize. Pezani Wi-Fi yodalirika kapena bandulo yokwanira, lumikizani chaja, lowani mu Settings, Windows Update, dinani Check for updates, dikirani zonse zithe, Restart, ndipo bwerezaninso mpaka ilembe kuti palibe chotsala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa laputopu yakale ya hadi disiki yozungulira ija zimatha kutenga masana onse. Zikatha, pa netiweki ya foni yanu yatsani Metered connection kuti Windows isamayambe kukoka zinthu zikuluzikulu pa bandulo yochepa n'kuzisiyira panjira.

Pali lamulo lina, powercfg /requestsoverride, louza Windows kuti isamamvere pulogalamu inayake ikapempha kuti pasagonedwe. Limagwira ntchito, koma ine ndimalisunga kumapeto, chifukwa limangotseka pakamwa wodandaula osathetsa dandaulo lake.

Dziwani chinthu chimodzi: mayina a mu /requests amaletsa makamaka kugona kwa yokha kuja, kwa mphindi 10 kapena 15. Mukadina Sleep ndi dzanja lanu kapena kutseka chivindikiro, Windows imayenera kugona ndithu. Kupatula pamene dzina lili pansi pa AWAYMODE. Pamenepo sikirini imazima, mawu amazima, koma makina amapitiriza kuyenda. Zikatero lowani mu Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, Multimedia settings, When sharing media, musankhe Allow the computer to sleep.

Ikamagona n'kudzukanso

Ikangodzuka yokha, musaigwire zambiri. Tsegulani Command Prompt muja mulembe:

powercfg /lastwake

Idzakuuzani chimene chaidzutsa komaliza. Kenako:

powercfg /devicequery wake_armed

Uwu ndi mndandanda wa zipangizo zonse zimene zili ndi chilolezo choidzutsa.

Pa laputopu ya aphunzitsi aja ndi pamene tinamupezera wolakwa. Pa mndandandawo panali mausi. Nditayang'ana m'mbali mwa laputopu ndinaona kachidutswa kakang'ono kakuda kali chilowere pa doko la USB, kamene kamalandira uthenga wa mausi yopanda waya. Mausiyo inali m'thumba la kutsogolo kwa chikwama chomwecho, kabatani kake ka kunsi kali pa ON, kanyali kofiira kakuyaka. Ndiye taganizirani ulendo wochoka kunyanja kufika pa Kamuzu Road: galimoto ikagunda bampu, mausi yagwedezeka, laputopu yadzuka. Kabaza akakhota, yadzukanso. Ili m'chikwama chotseka, mpweya wopanda potulukira, dzuwa likuswa mtengo.

"Koma achimwene, mausi imeneyi ndakhala nayo chaka chonse," anatero.

Zoona. Kale chilolezocho chinali chochotsa. Ma driver ataikidwanso mwatsopano chinabwerera. Kuchichotsa n'kosavuta. Dinani Start ndi batani lakumanja, Device Manager, Mice and other pointing devices, dinani kawiri pa mausiyo, pitani pa Power Management, chotsani chizindikiro pa Allow this device to wake the computer. Nthawi zina mausi yopanda waya imaonekeranso pansi pa Keyboards, chifukwa kachidutswa kamodzi kamatumikira zonse ziwiri, onaninso kumeneko. Chitani chimodzimodzi pa Network adapters, makamaka khadi ya waya ya Ethernet, imene imatha kudzutsidwa ndi uthenga uliwonse wodutsa pa netiweki ya mu ofesi. Kiyibodi ya laputopu yeniyeniyo isiyeni. Ndipo mausi muziizimitsa ndi kabatani kake musanaiike m'chikwama; batire yakenso idzakhalitsa.

Ngati /lastwake ikunena za timer, kapena laputopu imadzuka nthawi imodzimodzi usiku uliwonse, lembani powercfg /waketimers. Mudzaona ntchito imene yatchera alamu. Kuti muletse, bwererani mu Change advanced power settings, Sleep, Allow wake timers, muike Disable, makamaka kumbali ya On battery.

Nthawi zina /lastwake siinena kanthu. Pamenepo tsegulani Event Viewer, Windows Logs, System, mufunefune mizere yolembedwa Power-Troubleshooter. Imaonetsa nthawi imene inagona, nthawi imene inadzuka, ndi Wake Source. Ngakhale ilembe Unknown, nthawizo zokha zimathandiza: kugona 10 koloko usiku n'kudzuka patangopita masekondi atatu ndi nkhani ya driver kapena chipangizo, pomwe kudzuka 2 koloko m'bandakucha tsiku ndi tsiku ndi nkhani ya alamu.

Tulo ta diso limodzi

Tsopano lembani ili:

powercfg /a

Likuuzani mtundu wa tulo umene laputopu yanu imadziwa. Yang'anani mndandanda woyamba, wa zimene zilipo (available). Mukaona Standby (S3), ndi tulo takale tija: zonse zimazima kupatula RAM, imene imasunga zomwe mwatsegula, kanyali kamaphethiraphethira, ndipo laputopu imatha masiku ili choncho. Mukaona Standby (S0 Low Power Idle), yanu ndi ya Modern Standby, njira imene ili m'malaputopu ambiri atsopano. Imeneyi imagona ngati foni ya m'manja: sikirini yazima koma makina sanazimiretu, ndipo pakalembedwa Network Connected imatha kukhalabe pa Wi-Fi. Zikamayenda bwino imadzuka pompopompo ndipo imadya batire pang'ono chabe. Koma driver imodzi ikakana kutsika, palibe chimene chimakuchenjezani. Mumangopeza chikwama chafunda.

Kwa malaputopu amenewa lamulo lothandiza ndi ili:

powercfg /sleepstudy

Limapanga fayilo yotchedwa sleepstudy-report.html ndipo limakuuzani pamene yaikidwa. Itseguleni ndi Chrome kapena Edge. Muli mbiri ya masiku atatu apitawa: nthawi iliyonse imene inagona, batire imene inadyeka, ndi mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yofiira. Pitani pa mizere yofiira muyang'ane Top Offenders. Dzina lomwe likubwerezabwereza pamenepo, kaya la Wi-Fi, la mawu, la USB kapena la Bluetooth, ndi limene driver yake ikufunika kusinthidwa.

Pa intaneti mudzapeza malangizo oti musinthe registry, kaundula wa m'kati wa zosankha za Windows, kuti mukakamize laputopu ya S0 kubwerera ku S3. Ine sindilimbikitsa zimenezo. Ngati opanga laputopuyo sanaikemo S3 mu BIOS, pulogalamu ya m'makina imene imayamba Windows isanayake, mudzangotsala opanda tulo ta mtundu uliwonse, kapena idzagona osadzukanso mpaka mutapanikiza batani lozimitsira. Chimene ndimachita ine n'chaching'ono: ndimazula chaja kaye, kudikira pang'ono, kenako n'kutseka chivindikiro. Ikakhala pa chaja Windows imadzipatsa ufulu wogwira ntchito zambiri ili m'tulo, pomwe pa batire imadziletsa.

Ma driver, ndi malaputopu athu ogula kale atagwirapo ntchito

Tinene zoona, malaputopu ambiri kuno, kuyambira Chipoka mpaka Khombedza ndi Nkhotakota, ndi ogwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja. Ndi makina olimba ndipo ndimawalemekeza. Koma Windows 10 inasiya kulandira chithandizo chanthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndiye ambiri akusamukira ku Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8. Amisiri amadziwa njira zoilowetsera pa makina akale osakwanira, ndipo imayenda ndithu, koma opanga makinawo sanalembe ma driver a Windows 11 a mtundu umenewo. Update yaikulu ikabwera, tulo ndi timene timayamba kusokonekera.

Chizindikiro choonekeratu ndi ichi: mawu a Sleep asowa pa Power. Lowani mu Device Manager, Display adapters. Mukapeza palembedwa Microsoft Basic Display Adapter m'malo mwa Intel, AMD kapena NVIDIA, driver yeniyeni ya zithunzi palibe, ndipo popanda iyo Windows sigona. Yang'ananinso ngati pali chipangizo chokhala ndi kachizindikiro kachikasu.

Driver ikakhalapo koma vuto linayamba itangosinthidwa, dinani kawiri pa chipangizocho, Driver, Roll Back Driver. Batanilo likakhala lotuwa losadinika, ndiye kuti yakale sinasungidwe. Pamenepo tembenuzani laputopu muwerenge nambala yake pa kapepala ka kunsi, Service Tag kwa Dell, serial number kwa HP ndi Lenovo, mupite pa tsamba la opangawo. Tengani ya chipset, ya zithunzi, ya Wi-Fi, ndipo pa makina a Intel, ya Management Engine Interface, imene imakhudzana kwambiri ndi kugona ndi kudzuka. Ikani imodzi, Restart, yesani. Mukaika zonse pakamodzi simudzadziwa imene yachiza kapena imene yawonjezera vuto. Mapulogalamu aja olonjeza kukupezerani ma driver onse ndi batani limodzi apeweni. Ndachotsamo zinyalala zambiri m'makompyuta a anthu chifukwa cha iwo.

Ngati munasinthasintha zambiri mu Power Options moti simukudziwanso pamene munayambira, lamulo la powercfg /restoredefaultschemes limabweza zonse mmene zinabwerera. Ili si lofunsira chabe, limasintha zinthu: limafufuta zosankha zanu za magetsi, ndiye mukatero onaninso za chivindikiro zija.

Za BIOS ndinene mosamala. Nthawi zina opanga amatulutsa BIOS yatsopano yokonza vuto la tulo lenilenilo, ndipo imathandiza. Koma ikadukira pakati laputopu ikhoza kufa osayakanso. Musayambe batire ili yochepa kapena yakufa, musayambe kunja kukuchita mphepo ndi ziphaliwali zoti magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse. Ndipo ngati disiki yanu ili yokhoma ndi BitLocker, pezani kaye kiyi yake ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, muilembe papepala. BIOS ikasintha, kompyuta ikhoza kuifunsa, ndipo popanda iyo mafayilo anu simuwaonanso. Amene simunachitepo, pitani nayo kwa mmisiri ndipo mukhale pomwepo akamachita.

Kubweza update

Zonsezi zikakanika, mukhoza kubwerera m'mbuyo. Kwa update yaing'ono ya pamwezi, lowani mu Windows Update, Update history, Uninstall updates, muchotse imene tsiku lake likugwirizana ndi tsiku limene vuto linayamba. Mayina ake amayamba ndi KB kenako manambala. Kwa yaikulu, pitani ku Settings, System, Recovery, Go back pa Windows 11, kapena Update & Security, Recovery pa Windows 10. Apa pali nthawi: masiku 10 okha. Akadutsa, Windows imafufuta foda ya Windows.old ndipo njira yatsekeka. Chimodzimodzi ngati wina, pofuna kukupezerani malo pa disiki, anafufuta fodayo. N'chifukwa chake ndimapempha anthu kuti asakhale nalo vutoli milungu itatu asanabwere.

Mukabweza, imitsani ma update ndi Pause updates, imene imalola mpaka milungu isanu. Nthawi imeneyi ndi yoti mupeze driver yoyenera kapena kuti kukonza kutuluke. Musawatseke mpaka kalekale. Kompyuta imene imalowa flashi za anthu onse a pa sukulu kapena mu ofesi imafunika zotchinga zatsopano kuposa ina iliyonse.

Amene muli pa Ubuntu kapena Linux ina, mafunso ake ndi omwewa, malamulo ndi amene asiyana. systemd-inhibit --list imaonetsa amene akuletsa tulo, cat /sys/power/mem_sleep imaonetsa ngati muli pa s2idle kapena deep, ndipo cat /proc/acpi/wakeup imatchula zipangizo zololedwa kudzutsa. Vuto likayamba kernel, mtima wa Linux, itangosintha, sankhani yakale pa Advanced options poyatsa muone ngati lichoka. Pa MacBook, pmset -g assertions mu Terminal imachita ntchito ya /requests ija.

Pamene mukufufuzabe, musaiike m'chikwama ili pa Sleep

Gwiritsani ntchito Hibernate. Imalemba zonse zimene munatsegula pa disiki, mu fayilo ya hiberfil.sys, kenako n'kuzimiratu. Kawirikawiri mausi siingaidzutse pa bampu, batire sidyeka, ndipo mukayatsa mumapeza kalata yanu ili pamene munalekera. Ngati sikuoneka pa Power, lembani powercfg /hibernate on, kenako pa tsamba lija la Choose what the power buttons do ikani chizindikiro pa Hibernate. Kwa munthu woyenda mtunda, wokwera minibasi ya ku Lilongwe kapena ya ku Dwangwa chikwama chili pamiyendo maola angapo, ndimaikiratu kuti kutseka chivindikiro pa batire kuzitanthauza Hibernate. Mumataya masekondi ochepa poyatsa, basi.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa kutentha ndi mdani wamkulu wa batire ya lithium, ndipo kwathu kuno kunja kumakhala kotentha kale. Batire yophikidwa m'chikwama kangapo imayamba kutha msanga, ina imafufuma. Mukaona touchpad yatukuka, kapena kunsi kwa laputopu kwatupa moti sikukhazikika patebulo, lekani kuitchaja, musaiboole kapena kuipanikiza, ndipo kasinthitseni batireyo.

Pali vuto lina limene limanamiziridwa update chonsecho si la pulogalamu. Ngati Sleep ya pa Start ikugwira bwino, zosankha za chivindikiro zili bwino, koma kutseka chivindikiro sikuchita kanthu, tsekani pang'onopang'ono mukusuzumira ngati sikirini izima chisanafike pansi. Laputopu imadziwa kuti yatsekedwa kudzera mu kamaginito kobisika m'mphepete ndi kachipangizo kokamva mbali inayo. Sikirini ikasinthidwa kapena mahinji akathyoka n'kumatidwa, kamaginitoko kamatha kugwa kapena kuiwalika. Imeneyo ndi ntchito ya sikuludiraiva, osati ya Command Prompt.

Aphunzitsi aja tinawachotsera chilolezo cha mausi, tinamalizitsa update imene inali itaima pakati pa Wi-Fi ya pa shopu, tinachita Restart kawiri, n'kukopera malikisi aja pa flashi kuti akhale pawiri. Kenako ndinawapempha kuti achite mayeso amene ndimapempha aliyense, ndipo inunso muwachite musanakhulupirire kuti zatheka. Madzulo lembani papepala peresenti ya batire. Zulani chaja, tsekani chivindikiro, siyani laputopu patebulo, osati m'chikwama kapena pa matiresi. Pakatha theka la ola gwirani kunsi kwake. Pazikhala pozizira ndipo fani izikhala chete. M'mawa tsegulani muyerekeze ndi nambala ya papepala ija. Ikatsika pang'ono chabe, yagona. Ikatsika kwambiri, musaizimitse kaye: lembani /lastwake ndi /sleepstudy nthawi yomweyo, umboni usanafufutike.

Iwo anandiimbira m'mawa mwake asanalowe m'kalasi. "Achimwene, ndagwira, ndi yozizira. Dzulo inali pa 90, pano ili pa 87." Ndinawauza kuti sabata yoyambayo aziikabe pa Hibernate akamakwera kabaza, ndipo Lachiwiri lachiwiri la mwezi wotsatira likadutsa, adzabwerezenso mayeso a papepala aja.